Diso Lakumanzere la Kadona

3 Meyi

Achemwali,

Alamu anu amuchititsa khungu mwanayu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikayamba ndi moni muyesa ndi kalata wamba, n'kuitsindira pansi pa mashini anu osokera mpaka Lamulungu. Lero ndi tsiku lakhumi ndi chimodzi. Akafika kuchokera kuntchito, nsapato osavula, amatseka makatani, amamukhazika Kadona pampando, n'kuyamba kumujambula kumaso ndi kamera yong'anima ija. Ng'ani, ng'ani, mpaka kasanu. Akatero amamutembenuza pang'ono n'kuyambiranso. Mwana wa miyezi naini. Ine wamkulune ndikayang'ana kuwalako ndimaona timadontho tobiriwira kwa kanthawi, nanga iye?

Muli bwanji kumeneko? Amayi mwendo uja ukuwatani? Ife tilipo, kupatula zimenezi. Foni ya pagolosale sindinaimbe dala, mukudziwa kuti mwini golosale uja khutu lake ndi lalikulu kuposa shopu yake.

Munandifunsa chaka chatha kuti kodi alamu anu ntchito yawo yeniyeni ndi chiyani, ine n'kuyankha kuti ndi a nyenyezi. Ndinakometsera. Munthuyu kumwamba sayang'anako. Ndinapitako kamodzi kuyunivesiteko kukawasiyira makiyi: kachipinda kopanda windo, anthu atatu, makompyuta anayi, ketulo imodzi. Zithunzi zimachokera ku makina aakulu oonera kutali amene ali paphiri kudziko lina, ndipo iwo makinawo sanawaonepo n'kamodzi komwe. Pazithunzipo pamakhala timadontho totuwa ngati pamene mafuta adonthera pansalu. Akuti kadontho kalikonse ndi mlalang'amba, gulu la nyenyezi zosawerengeka, zokalamba, zounjikana ngati dzira. Ntchito yawo n'kuyeza kuti kakuwala bwanji pakati, kakuzilala bwanji popita kumphepete, komanso ngati n'kobulungira kapena n'kotalika. Kobulungira ngati mpira akuti ziro. Kotalikitsitsa akuti seveni. Basi, ntchito yonse ndi imeneyo. Zaka zonse zija kusukulu, kuti aziyeza mazira oti sangawakazinge.

Matendawa anafika nawo kunyumba kalekale. Mbale ndi ziro. Sopo watsopano ndi folo, akamatha amafika sikisi. Mutu wa a landilodi akuti ndi thuu, koma akavula chipewa. Ndili ndi pakati anandiuza kuti nkhope yanga yatsika kuchoka pa filii kufika pa wani, ndipo ananena ngati akundiyamikira. Zimenezo ndinkaseka. Izi za kamerazi sindikuseka.

Ndawafunsa kuti mukufunamo chiyani m'maso mwa mwana. Akuti palibe, akungoyesa kamera. Kamera yake yomwe ija ya paukwati wathu, yatha zaka ziwiri ikujambula bwinobwino. Akamaliza amaika zithunzizo pakompyuta n'kumazunguliza timizere pa maso a Kadona monga amachitira ndi mazira awo aja, uku akulemba manambala m'kope lobiriwira. Ndikayandikira, kope tseke. Chakudya akungotolatola ngati nkhuku yodwala.

Mundifunsireko kwa anamwino amene mumawasokera mayunifolomu aja ngati kung'anima kotere kungaphe diso la khanda. Musanene kuti ndi ife. Amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa, yankho mupatsire yemweyo. Musachedwe.

Ine mng'ono wanu,
Make Kadona

11 Meyi

Iwe Make Kadona,

Moni. Kuno tonse tili bwino, mwendo wa amayi umapweteka pokhapokha pakaoneka ntchito. Kalata yako yandipeza dzulo. Kondakitala wakoyo anaiika m'thumba la jekete, jeketeyo n'kuisiya kunyumba ina imene mkazi wake saidziwa.

Anamwino sindinawafunse. Choyamba, yunifolomu yawo ndinaidula mothina ndiye panopa tikulambalalana. Chachiwiri, nkhaniyi si yachipatala. Iwe unakwatiwa mkaka usanaume pakamwa, amuna suwadziwa. Mwamuna akayamba kuyang'anitsitsa nkhope ya khanda n'kumalemba m'kope, sakufuna nyenyezi ayi. Akufufuza ngati mwanayo ndi wake. Osaphunzira amangoyang'ana makutu n'kupita kukamwa mowa. Ophunzira amayeza ndi kompyuta. Matenda ndi amodzi.

Amayi ndawauza. Usakwiye, anandipeza ndikuwerenga ndipo nkhope yanga siisunga kanthu. Anafunsa ngati alamuwo anadziyang'anirapo pagalasi, poti chipumi chija sichingapezeke kawiri padziko mwangozi. Akuti Kadona anatenga chipumi, anatenga makutu, anatenganso kukwinya nkhope kuja ngati munthu amene akuwerenga nkhani yoipa m'nyuzipepala. Akuti ukanakhala kuti unazemberako, bwenzi utatibweretsera mwana wooneka bwinoko. Ndi mawu a amayi amenewo, ine ndangogwira cholembera.

Nanenso ndimayeza anthu tsiku ndi tsiku, tepi ili m'khosi. Koma ndikayeza chiuno cha munthu ndimamuuza nambala yake, akwiye asakwiye. Woyeza mobisa ali ndi kanthu kumtima.

Chita izi. Kamerayo uibise pamalo pamene mwamuna sangapisepo dzanja, monga m'ndowa ya matewera. Ukatero umufunse mosapita m'mbali. Akayamba mawu ake ataliatali aja, umukumbutse kuti iwe unalekezera kupulayimale, ayankhe eya kapena ayi.

Ndatumiza kadiresi ka Kadona, saizi ndangoganizira. Undiuze ngati kakumukwana.

Mkulu wako

16 Meyi

Achemwali,

Moni nonse. Kadiresi kafika, m'khosi n'kothina koma tikumuveka choncho.

Ndinachita zimene munanena ndipo zangoipiraipira. Kamera ndinaibisa m'ndowa ya matewera. Anaifuna masiku awiri, pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, mpaka m'firiji. Tsiku lachitatu anabwera ndi kamera ina ya kuntchito, chikamera chachikulu chong'anima ngati mphezi, nkhope ili mwee. Akuti amene anataya kamera ija wawathandiza, chifukwa pankafunika kuyesa ndi kamera yachiwiri koma iwo sanaganizeko.

Ndiye ndinawafunsa. Ndinaima pakhomo la kuchipinda, Kadona ali kumbuyo, ndinati, "Ngati mukuti mwanayu si wanu, nenani, ndikwere basi ya mawa."

Achemwali, anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero cha mbalame. Kenako anakhala pansi, pasimenti penipeni, ndi buluku la kuntchito. Anati sanaganizepo zimenezo ngakhale tsiku limodzi, ndipo wandiuza zopusazo ndani. Sindinakutchuleni. Ndinati nanga ndi chiyani. Anati pali kanthu kamene akukaona koma sanatsimikize, ndipo munthu sanena chinthu asanatsimikize. Ndinati ine si a Pulofesa anu, ine ndi mayi wake, ndiuzeni chosatsimikizikacho. Anati ndiwapatse masiku khumi.

Dzulo ali kubafa ndinatsegula kope lija. Tsamba lililonse analigawa pawiri, uku alemba "kumanja", uku "kumanzere". Manambala a kumanja ndi aang'ono ndipo akufanana okhaokha. A kumanzere ndi aakulu, ndipo ukamatsika m'munsi akunka nakula. Masamu anandikana kusukulu, koma nambala ikamakula ndimaiona.

Tsono mverani ichi. M'mawa uno pomudyetsa, supuni ndinaibweretsera chakumanzere kwake. Sanatsegule pakamwa. Kadona ameneyu, amene amayasama ngakhale ukungodutsa ndi sopo. Ndinaibweretsera chakumanja, anailumphira. Ndinabwereza kanayi. Kumanzere supuni saiona mpaka itamugunda patsaya.

Amuwotcha diso, achemwali. Ayamba ndi lakumanzere ndipo akulemba m'kope mmene likupsera. Panopa ndikangomva nsapato zawo pachipata ndimabereka mwana n'kutulukira kuseri, kukakhala kwa aneba mpaka atatopa kudikira. Anamwino aja pepesanani nawo, chonde. Yunifolomu si munthu.

Make Kadona

20 Meyi

Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi apongozi. Ndikudziwa kuti funso lija linachokera kwa inu, chifukwa mkazi wanga akamanena mawu obwereka amagwira m'chiuno ngati mwini mawuwo. Sindinakwiye. Ndikulemba kuti mundithandize kumukhazika mtima pansi kwa masiku ochepa.

Nkhani ili motere. Kamera ikang'anima mumdima, kuwala kumalowa m'diso n'kubwerera, ndipo pachithunzi pakati pa diso pamaoneka pofiira. Diso labwino limatero. Pa 21 Epulo ndinamujambula Kadona akuseka. Diso lakumanja linatuluka lofiira. Lakumanzere linatuluka loyera ngati batani la shati.

Mufunsa kuti bwanji sindinanene. Chaka changa choyamba pantchito ndinaona kadontho kowala pachithunzi, pamalo pamene mabuku onse amati palibe kanthu. Ndinayeza kuwala kwake, ndinayeza maonekedwe ake, kanali filii wokongola kwambiri. Ndinathamanga kukagogoda kwa a Pulofesa ali pamsonkhano ndi alendo. Anachiyang'ana chithunzicho pamaso pa alendowo n'kunena kuti n'kuwala kwa nyenyezi ina yapafupi kumene kunanjanja pa magalasi a m'kati mwa makina. Kumwambako kunalibe chilichonse. Mpaka lero kuntchito amanditchula kuti Wotulukira, ngakhale mayi amene amasesa. Kuyambira pamenepo ndinagwira lamulo la ntchito yathu: chowala chachilendo chilichonse ndi vuto la makina, mpaka utasintha makina, kusintha mbali, kusintha tsiku, icho n'kukhalabe pomwepo.

Mbali ndasintha kasanu. Kamera ndasintha. Ndajambulanso ana awiri a mnzanga wa kuntchito kuti ndiyerekeze, onse maso ofiira. Pa zithunzi 46 za Kadona zimene zinatuluka bwino, choyeracho chaoneka pa 41. Sichobulungira kwenikweni, chili ngati thuu, chinatsamira chakumphuno, ndipo malo amene chikuwala akula pang'ono kuyambira Epulo. Ndikufuna zithunzi 60, kuti popita kwa dokotala ndisakamutayitse nthawi ndi kunjanja kwa galasi, komanso ndisamuopseze mkazi wanga pachabe. Koma mwana akumubisa kwa aneba ndipo ndaima pa 46.

Chonde mulembereni kuti kung'animako sikupweteka diso, andilole ndimalize. Za choyerachi musamuuze kaye.

Mlamu wanu,
Bambo a Kadona

21 Meyi

Make Kadona,

Moni. Kalata yako ya pa 16 ndailandira. Zokhala pasimentizo zisakupusitse. Bambo a ana anga anakhalapo pasimenti kawiri, ndipo kawiri konseko anali olakwa. Za supunizo, ana amatero. Wanga wachiwiri anakana bere lakumanzere miyezi itatu popanda chifukwa, pano ndi uyu akumaliza mphika yekha.

Amayi atenga chithunzi cha paukwati wanu, adulapo mutu wa alamu ndi sizasi yanga yodulira nsalu. Akuti abwera nawo mwezi wamawa, adzauike pambali pa mutu wa Kadona pamaso pa a Pulofesa awowo, ayeze okha ndi makompyuta onse anayi. Ndawaletsa koma mutuwo auika kale m'chikwama.

Anamwino ndinakumana nawo pamsika, atandiona anawolokera tsidya lina la msewu. Ndiyesanso yunifolomu ikatha.

Kadiresiko uzimasula kabatani kam'mwamba.

Mkulu wako

23 Meyi, Lachitatu

Achemwali,

Ndikulemba ndili pabenchi kuchipatala chachikulu, pepala ndapempha kwa anamwino a kuno. Moni ndi yemweyu, wina ndilibe. Kalata yanu ya mutu wodula aneba andibweretsera dzulo. Sindinaseke, mundisungire ndidzaseka tsiku lina.

M'envulopumu mupezanso kalata ya alamu anu ya pa 20. Sinakupezeni chifukwa Lolemba m'mawa anandipatsa ine kuti ndikapereke kwa kondakitala. Munthu wa madigiri awiri, kulemba kuti "musamuuze" n'kupatsira kalatayo yemweyo. Ndinaitsegula ndili pasiteji. Ndinaiwerenga katatu chifukwa zolemba zawo zili ngati nyerere. Basi ya kwanu inanyamuka ndikuiona. Ine ndinakwera ina, Kadona kumbuyo, mpaka kwa dokotala wa maso, ndi masilipasi a kubafa.

Dokotalayo ndi mayi wamfupi wa imvi. Anazimitsa getsi, anayatsa katochi, diso ili, diso ilo. Sanathe n'mphindi imodzi yomwe. Anandifunsa kuti choyerachi tinachiona liti. Ndinati ine lero, bambo ake mwezi wathawu. Anati aitaneni.

Anabwera akuthamanga, kope lobiriwira m'manja. Asanakhale n'pansi pomwe anayamba kufotokoza za zithunzi 46 ndi kupepesa kuti sizinakwane 60. Dokotala anatsegula kopelo tsamba ndi tsamba, n'kunena kuti pa zaka zonse zimene wagwira ntchito sanaonepo kholo lolemba mwadongosolo chonchi. Alamu anu mpaka anawongola khosi. Kenako dokotala anatseka kope, anawabwezera, n'kuti, "Bambo, chithunzi choyamba chija chinali chokwanira."

Kamera sinamuwotche. Ndi chotupa, chikumera m'kati mwa diso, chakumbuyo. Dzulo anamugoneka ndi mankhwala n'kumuunika ndi makina. Lakumanja lili bwinobwino. Lakumanzere akuti linasiya kale kuona, ndipo chotupacho chikapeza njira yotulukira kuseri kwa diso, nkhani sikhalanso ya diso. Akufuna kulichotsa Lachisanu m'mawa. Akuti pambuyo pake adzamuikira lina lochita kupanga, loti munthu wodutsa sangadziwe.

Ndinafunsa ngati mwezi umene unatayikawu ndi umene wapha disolo. Dokotala anati sangadziwe, mwina linali litapita kale, mwina ayi. Alamu anu anamva. Ndinafunsira dala kuti amve, ndipo pano ndikulakalaka ndikanafunsa ali panja. Pa mwezi umenewo nanenso ndili ndi masiku anga, a ndowa ya matewera ndi a kwa aneba. Inunso muli nawo anu. Tidzagawana bwino zikatha, pano ndilibe mphamvu.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Pali pepala loti tisaine tonse awiri. Ine ndinasaina dzulo masana, dzina langa lomwe ndinaphonya chilembo. Alamu anu sanasaine. Anati aone kaye okha zithunzi za makina aja. Dokotala anawaonetsa. Iwo anati pafunika dokotala wachiwiri. Anaitanidwa wachiwiri, ananena zomwezo. Pano alamu anu akuti chinthu chosabwezeka munthu sachita atayeza tsiku limodzi lokha. Ali pakhonde kuyambira dzulo, pepala pamwendo, cholembera m'thumba la shati. Sanadye. Ndalira, ndatukwana, ndagwada anthu akuona. Amangoyang'ana pepalalo n'kuti, "Nanga akalakwitsa?"

Ndinawauza kuti akalakwitsa tikhala ndi mwana wa diso limodzi, koma inu mukalakwitsa tikhala ndi kope. Anamwino amene ankadutsa anaima. Iwo anangogwira kumutu.

Dokotala akuti pepala likapanda kusainidwa pofika mawa Lachinayi madzulo, malo athu apatsa mwana wina, ife tidikire masabata awiri. Ndinafunsa ngati chotupacho chidikira nawo. Anangoitana wodwala wotsatira.

Kadona sakudziwa kanthu. Wavula sokosi imodzi ndipo akuidya.

Foni ya pagolosale ndaimba katatu, ikungolira. Tsiku limene ndikufuna dziko lonse limve, munthu uja watseka shopu. Ndiye kalatayi ndikupita nayo ndekha kudepoti, ndikaiika m'manja mwa kondakitala, ndipo ndikamugwira malaya mpaka alumbire kuti akupatsani lero.

Achemwali, munthuyu ine sandiopa. A Pulofesa ali kunja kwa dziko, makolo ake ali kutali ulendo wa masiku awiri. Padziko lonse lapansi amaopa inu nokha. Amayi muwauze zoona koma atsale. Siyani chilichonse chimene chili pamashini, mukwere basi yoyamba mawa. Ndi wodi ya ana, chipinda chachitatu, bedi la pawindo. Koma mukafika musayambire kwa ine kapena kwa Kadona. Mupite pakhonde pamene akhalapo, mukhale pambali pawo, ndipo musadzukepo mpaka atatulutsa cholembera m'thumba.

Bwerani, chonde, mawa dzuwa lisanapendeke.

Mng'ono wanu